Kukonza injini ya dizilo ya galimoto zonyamula katundu

Kukonza injini ya dizilo ndi ntchito yofufuza chimene chavuta mu injini, kuitchuna kuti iziyenda bwino komanso kusintha zipangizo zimene zatha. Malole ndi mathiraki ambiri amayendera dizilo chifukwa injini yake imakoka katundu wolemera ndipo imamwa mafuta ochepa poyerekeza ndi ya petulo. M'mayiko omwe alibe doko la panyanja yamchere monga Malawi ndi Zambia, katundu wambiri wochokera ku Beira ndi Dar es Salaam amabwera pa galimoto zoterezi, choncho ikafa panjira katundu amachedwa ndipo mwini wake amaluza ndalama.

Mbiri

Injiniyi inatenga dzina la Rudolf Diesel, katswiri wa ku Germany, yemwe injini yake inayesedwa ndi kugwira bwino ntchito mumzinda wa Augsburg mu 1897. Malole oyamba a dizilo anapangidwa ndi makampani a Benz, Daimler ndi MAN m'zaka za 1923 ndi 1924. Mu 1927 kampani ya Bosch inayamba kupanga mapampu ambiri opopera dizilo mu injini. Mu 1995 kampani ya Denso ya ku Japan inabweretsa m'malole njira ya common rail, imene kompyuta ndiyo imalamula nthawi ndi kuchuluka kwa mafuta.

Mmene imagwirira ntchito

Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mu silinda mpaka kutentha kupitirira madigiri 500. Kenako injector imafayira dizilo ngati nkhungu, ndipo mafutawo amayaka okha. Motero injini imafuna zinthu zinayi: mpweya wokwanira, mafuta oyera, kupanikiza kwamphamvu ndi nthawi yoyenera yofayira mafuta. Mavuto ambiri amachokera pa chimodzi mwa zinayizi.

Kupeza vuto

Makaniko amayamba ndi kufunsa dalaivala mmene vutolo linayambira, kenako amaona oyilo, madzi, batire ndi mafyuluta asanamasule chilichonse chachikulu. Kusintha zipangizo mongoganizira kumawononga ndalama vuto likadalipo.

Mtundu wa utsi umathandiza kwambiri. Utsi wakuda umasonyeza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, kawirikawiri chifukwa cha fyuluta ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, turbo yofooka kapena injector yodontha. Utsi wa buluu umatanthauza kuti injini ikuwotcha oyilo, monga zimakhalira maring'i a pisitoni akatha. Utsi woyera wonunkha dizilo ndi wa mafuta osapsa, pomwe nthunzi yoyera yosatha injini itatentha kale ingasonyeze kuti madzi akulowa mu silinda kudzera pa gasiketi yopsa.

Injini ikamazungulira koma osalira, kawirikawiri vuto limakhala mpweya umene walowa m'mapaipi a mafuta, makamaka thanki ikauma. Mpweyawo amauchotsa pomasula pang'ono bawuti ya pa fyuluta ndi kupopa pampu ya dzanja mpaka thovu litatha. Madzi ndi zinyalala za mu dizilo zimawononga pampu ndi ma injector, n'chifukwa chake kapu yolekanitsa madzi imayenera kukhetsedwa pafupipafupi.

Pa malole amakono makaniko amalumikiza kompyuta yowerenga manambala a zovuta, ndipo ambiri amatsata muyezo wa SAE J1939. Nambalayo imangoloza mbali imene pali vuto. Nthawi zina sensa imakhala yabwinobwino koma waya wake ndiye waduka.

Kutchuna

Kutchuna ndi kubwezera injini pa miyezo imene anaika wopanga. Mpata wa mavavu umayezedwa ndi feeler gauge. Ukachepa kwambiri vavu imapsa, ukakula injini imagogoda ndi kuchepa mphamvu. Pa injini zakale amakonzanso nthawi imene pampu imatumiza mafuta, ndipo ma injector amayesedwa pa makina kuti aone ngati akufayira bwino. Ena amawonjezera mafuta pa pampu kapena pa kompyuta pofuna mphamvu zambiri, koma izi zimachulukitsa utsi ndi kutentha ndipo zingathe kusungunula pisitoni.

Kukonza kwakukulu

Injini ikatha kwambiri imaphwasulidwa. Makaniko amayeza kutha kwa masilinda ndi crankshaft, nasintha maring'i, mabering'i ndi magasiketi. Injini zambiri za malole aakulu zili ndi malaina a silinda ochotseka, choncho buloko siitayidwa. Mabawuti a mutu wa injini amamangidwa motsata ndondomeko yake ndi sipanala yoyeza mphamvu, apo ayi gasiketi imapsanso.

Ngozi

Mu common rail mphamvu ya mafuta imatha kufika mabar 2,000 kapena kuposa. Dizilo wotuluka pa kabowo amaboola khungu, ndipo wovulala motere ayenera kupita kuchipatala msanga ngakhale bala likuoneka laling'ono. Chitsekero cha rediyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha. Turbo ikadontheza oyilo wambiri m'njira ya mpweya, injini imatha kuthamanga yokha ngakhale kiyi atazimitsidwa. Zikatero imaimitsidwa potseka polowera mpweya ndi thabwa kapena chitsulo chophwatalala, osati ndi dzanja.