Kaundula wa mitengo ya ku Dedza

Boma la atsamunda linateteza nkhalango ya Chongoni mu 1924, ndipo m'zaka za m'ma 1950 kafukufuku wa kabzalidwe ka mitengo anazika mizu ku Dedza komweko, asanasamukire ku Zomba kumene lero kuli Forestry Research Institute of Malawi. Ofufuzawo ankayesa mitengo yobwera monga paini wa Pinus patula wochokera ku Mexico, amene anayanjana ndi kuzizira kwa kumapiriku. Koma paini amatha zaka zoposa 20 asanafike pochekedwa matabwa, choncho womuyeza ali kamtengo kawirikawiri si amene amadzamuyeza atakhwima. Chowalumikiza anthu awiriwa ndi kaundula basi. N'chifukwa chake a zankhalango amapatula kachigawo, kukhoma zikhomo m'ngodya zake, kulemba nambala ya penti pamtengo uliwonse, n'kumazunguliza tepi pamalo omwewo, mamita 1.3 kuchokera pansi. Phindu la ntchitoyi silili m'manambala okha, koma m'zolembedwa pambali pake: tsiku, malo, woyeza ndi kayezedwe kake.

Ena anganene kuti zimenezi n'zachikale, kompyuta inathetsa vutoli. Kompyuta imasunga chimene yapatsidwa, ngakhale chopotoka. Miyezo ya nthawi ya atsamunda inali ya mainchesi ndi mafiti, ya masiku ano ndi ya masentimita ndi mamita. Ndiponso kuyeza kuzungulira kwa thunthu n'kosiyana ndi kuyeza kupingasa kwake. Wolowetsa manambala m'kompyuta osanena kuti ndi muyezo uti wakhutula mchere ndi shuga m'chikho chimodzi. Mayina nawonso sakhazikika: nsangu, umene mabuku akale amautcha Acacia albida, lero ndi Faidherbia albida, ndipo nkhokwe ya m'kompyuta yosalumikiza mayina awiriwa idzawerenga mitundu iwiri pamene pali umodzi. Ngakhale GBIF, nkhokwe ya padziko lonse ya zamoyo imene inayamba mu 2001, imadalira zomwezo zimene zimalembedwa pa kapepala ka chomera chouma ku National Herbarium ku Zomba: dzina, malo, tsiku ndi wotola.

Enanso amati nanga kaundula wa mitengo imene inapsa ndi moto wolusa kapena kugwa ndi macheka athandiza chiyani? Kumeneko ndiye amafunika koposa, pakuti mtengo ukapita umboni wa kakulidwe kake panthakayo umatsala papepala pokha, ndipo wobzala mwatsopano alibe kwina kofunsa. Osunga mafayilo akalewa awajambule tsamba ndi tsamba, asunge zithunzizo malo angapo, ndipo pepala lenilenilo asalitaye.