Newstead Abbey, nyumba imene nkhani ya Shire inalembedwera

Kumpoto kwa mzinda wa Nottingham ku England kuli chinyumba chakale chotchedwa Newstead Abbey. Chinayamba cha m'ma 1170, Mfumu Henry II itapereka malowo kwa ansembe otsata malamulo a Augustine Woyera. Henry VIII atathamangitsa ansembewo mu 1539, Sir John Byron anagula malowo chaka chotsatira, ndipo banja lake linakhalapo zaka pafupifupi 280.

Alendo ambiri amakhamukirako chifukwa cha mlakatuli Lord Byron, koma ine sindiona chomutamandira pa nyumbayi. Anailandira mu 1798 ikudontha, holo yaikulu n'kuisandutsa pophunzirira kuwombera mfuti, galu wake Boatswain n'kumumangira chiliza. Ngongole zitamufika m'khosi anaigulitsa mu 1818. Amene anaidzutsa ndi Thomas Wildman, mnzake wa kusukulu ya Harrow. Komatu ndalama zokonzera denga ndi makoma zinachokera kuminda ya nzimbe ku Jamaica, thukuta la akapolo.

Apa ndi pomwe mtima wanga umagunda. Mu 1861 nyumbayi inagulidwa ndi William Webb, mlenje amene David Livingstone anamuthandiza atadwala ku Africa. Mu Seputembala 1864 Livingstone anafika pa Newstead ali wosweka mtima: mkazi wake Mary anali atamwalira ku Shupanga mu 1862, boma la Britain litathetsanso ulendo wake wa ku Zambezi. Anabwera ndi mwana wake Agnes, ndipo a Webb anawasunga mpaka Epulo 1865. M'nyengo yozizira imeneyo, m'chipinda chomwe lero chimadziwika ndi dzina lake, analemba buku la Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries. Pansi pa denga lokonzedwa ndi ndalama za ukapolo panatuluka buku lodzudzula ukapolo! Ulemu ndimaupereka kwa banja la Webb, lomwe linapatsa munthu wotopayo tebulo ndi bata.

Mu 1931 Sir Julien Cahn anapereka nyumbayi ku mzinda wa Nottingham, ndipo tsopano aliyense amaloledwa kukaiona. Mmalawi akalowamo akumbuke kuti m'bukumo muli mtsinje wa Shire, nyanja yathu imene Livingstone anaiona mu 1859, komanso mudzi wa Mbame, kufupi ndi Blantyre, kumene mu Julayi 1861 anthu 84 anamasulidwa, amuna akuwacheka magoli m'khosi.