Aluminium phosphide

Aluminium phosphide ndi mankhwala ophera tizilombo towononga mbewu zosungidwa monga chimanga, mpunga ndi fodya. Amabwera ngati mapilitsi otuwa, ndipo ena mwa maina ake a malonda ndi Phostoxin ndi Fumitoxin. Ali m'gulu la mankhwala ofukizira, omwe amapha ndi mpweya, mosiyana ndi afumbi monga Actellic amene amasakanizidwa ndi mbewu.

Kagwiridwe kake ka ntchito

Pilitsi likakhudzana ndi chinyezi limafumbutuka pang'onopang'ono n'kumatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa phosphine. Pilitsi la magalamu 3 limatulutsa galamu imodzi ya mpweyawu, womwe umalowerera pakati pa mbewu n'kupha anankafumbwe ndi mphutsi zawo. Kuti zimenezi zitheke, mulu wa matumba umakutidwa ndi lona losatulutsa mpweya kwa masiku 5 kapena kuposerapo. Kuponya pilitsi m'thumba wamba n'kulakwitsa kawiri: mpweya umathawira m'nyumba momwe mukugona anthu, ndipo tizilombo topulumuka timabereka tina tosamva mankhwala.

Kuopsa kwake

Nthawi zambiri phosphine amanunkha ngati adyo kapena nsomba zowola, koma fungolo silodalirika, chifukwa munthu akhoza kupuma mpweya woopsa asanamve kanthu. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, kusanza ndi kubanika, kenako mtima ndi mapapo zimafooka. Palibe mankhwala othetsa poizoniyu. Kuchipatala amangothandiza wodwala kupuma ndi kuti magazi aziyenda. Madzi amangowonjezera ngozi. Mu Januwale 2017, ana anayi a banja limodzi anamwalira ku Amarillo, m'chigawo cha Texas ku America, munthu wina atathira madzi pa mankhwalawa, omwe anali ataikidwa kunsi kwa nyumba yawo.

Malamulo

M'maiko ambiri mankhwalawa amaloledwa kwa anthu ophunzitsidwa komanso okhala ndi chiphaso basi. Iwowa amayenera kuika zikwangwani zochenjeza, kuvala zoteteza kupuma, ndi kupima mpweya asanalole anthu kulowanso. Ku America, bungwe la EPA linakhwimitsa malamulo mu 2010 ana awiri atamwalira ku Utah, ndipo linaletsa kugwiritsa ntchito mankhwalawa pafupi ndi nyumba zokhalamo anthu. Ku Malawi, kulembetsa ndi kugulitsa mankhwala ophera tizilombo kumayang'aniridwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2000. Posunga chimanga cha pakhomo, alangizi a zaulimi amalimbikitsa matumba osalowa mpweya monga a PICS, omwe safuna mankhwala.