Clements Kadalie: Pakamwa Pamodzi, Makutu Ambirimbiri

Ambirife tikamva dzina la Clements Kadalie timangodziwa kuti anali Mtonga wa kwathu amene anagwedeza South Africa. N'zoona zimenezo. Koma ife amene tsiku ndi tsiku timayankhula ndi anthu a zinenero zina pansi pamgodi tili ndi funso lathulathu. Zinatheka bwanji kuti munthu wobwera, amene pamsonkhano ankayankhula Chingerezi n'kudalira omasulira, amvedwe ndi anthu zikwizikwi? Nanga chinachitika n'chiyani kuti patangotha zaka khumi ambiri mwa anthu omwewo amufulatire?

Kadalie anabadwa mu 1896 ku Chifira, kufupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay. Anaphunzira ku Livingstonia n'kukhala mphunzitsi. Mu 1915 ananyamuka ulendo womwe tonsefe tikuudziwa, wokasaka ntchito kummwera. Anagwirako ukalaliki ku Mozambique ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo mu 1918 anafika ku Cape Town. Mu Januwale 1919, mothandizana ndi mzungu wina wandale dzina lake A. F. Batty, anayambitsa bungwe la ICU ndi anthu 24 okha, ambiri a iwo ogwira ntchito padoko.

Omvera ake oyamba ndi amenewo. Padoko panali anthu osakanikirana: Makaladi oyankhula Afrikaans, Axhosa, ndi ena ochokera kutsidya la nyanja. Kadalie sanawauze za mbiri ya mafumu kapena za dziko la makolo, chifukwa makolo awo sanali amodzi. Anagwira chimene chinkawawa aliyense: nkhondo itangotha zinthu zinakwera mtengo, malipiro ali pomwepo, chikhalirecho iwo omwe ndi amene ankakweza chakudya m'sitima kuti chipite kunja. Mu Disembala 1919 ananyanyala ntchito kwa milungu iwiri. Sitirakayo sinapindule pompopompo, koma chaka chotsatira malipiro apadoko anakwera, ndipo dzina la ICU linayamba kuyenda. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Kadalie kanali khutu: ankayamba wamva kaye chowawa cha anthu, kenako n'kutsegula pakamwa.

Bungwe litakula, omvera anasintha. Mu 1923 anayamba kutulutsa nyuzipepala ya The Workers' Herald, mu 1926 likulu linasamukira ku Johannesburg, ndipo pofika 1927 ICU inkati ili ndi mamembala pafupifupi 100,000. Ambiri mwa atsopanowa sanali a m'tauni ayi. Anali anthu a m'mafamu a ku Natal, Transvaal ndi Free State, okhala pamalo a azungu n'kumalipira malowo ndi thukuta la banja lonse. Lamulo la malo la 1913 linali litawamanga kale manja, ndipo eni mafamu ankawathamangitsa pamodzi ndi ng'ombe zawo. Munthu wotere ukamamuuza za malipiro a pa ola, amangokuyang'ana. Iye nkhawa yake ndi munda, khola ndi manda a bambo ake.

Apa m'pamene ntchito yaikulu inagwera alembi a nthambi ndi omasulira, anthu obadwira komweko, monga A. W. G. Champion ku Natal. Iwowa uthenga ankauveka zovala za kumaloko. Ankayankhula za malo ndi ufulu, ankatchula nkhani za m'Baibulo zimene anthu ankazimva kutchalitchi, ankatengera eni mafamu kukhothi. Ngakhale dzina la bungwe anthu analiphika mwawomwawo. Zilembo za ICU ukazitchula m'Chingerezi zimamveka ngati “I see you”, kutanthauza kuti “ndikukuona”. Kwa munthu amene wakhala akumenyedwa popanda mboni, mawu amenewo anali okwanira: mzungu iwe, tsopano pali wina akukuona. Khadi lofiira la umembala ena ankalisunga ngati chishango, pokhulupirira kuti aliyense wokhala nalo sachotsedwa pafamu.

Tsono tcherani khutu, abale, vuto linayambira pomwepa. Kusintha mawu kuti munthu amve ndi luso. Koma m'madera ena chimene chinasintha si mawu okha, linali lonjezo. Anthu anamva kuti ICU igula mafamu, kuti malo abwerera posachedwapa. Anapereka ndalama zawo zochepazo akudikira zimenezo. Eni mafamu atayamba kuthamangitsa aliyense wopezeka ndi khadi lofiira, bungwe linalibe malo oti liwaikepo. Mu 1928 azungu anaphwanya maofesi a ICU ku Greytown ndi m'matauni ena oyandikana nawo. Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Nthawi yomweyo Kadalie anali atatembenukira kwa omvera ena. Panali azungu omufunira zabwino, monga mlembi wa mabuku Ethelreda Lewis, amene ankafuna bungwe laulemu, losachita phokoso. Mu Disembala 1926 ICU inachotsa m'maudindo mamembala a chipani cha Komyunisiti, kuphatikizapo James La Guma. Mu 1927 Kadalie anakhala miyezi ingapo ku Ulaya. Anafika ku Geneva ndi ku Britain, ndipo atsogoleri a mabungwe a antchito kumeneko anamulandira bwino, chifukwa ankadziwa kuwayankhula m'chinenero chawo: malamulo a bungwe, mabuku a ndalama, kukambirana ndi mabwana patebulo. Anabwerako ndi dongosolo lotengera mabungwe a ku Britain, ndipo mu 1928 kunabwera mlangizi wochokera ku Scotland, William Ballinger.

Taganizani tsopano. Munthu wa ku London akumva kuti ICU ndi bungwe lodekha lokambirana za malipiro. Munthu wa ku Natal akumva kuti ICU ibweza malo. Onse awiri akuwomba m'manja, koma akuwombera zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo kumbuyo kwa khamu kunkaima womvera wachitatu, wapolisi ndi kabuku kake. Lamulo la 1927 linkaletsa mawu amene boma lingati akudanitsa anthu akuda ndi azungu, ndipo Kadalie mwiniyo anaimbidwa mlandu umenewu mu 1928, ngakhale kuti khothi linamumasula. Chodabwitsa n'chakuti zambiri zimene olemba mbiri amadziwa lero za misonkhano ya ICU anazipeza m'malipoti a apolisiwo.

Zinthu zina zinathandizira kugwetsa bungweli, monga nkhanza za boma, kusayenda bwino kwa ndalama ndi mikangano ya atsogoleri. Mu 1928 nthambi ya ku Natal inapatuka ndi Champion. Mu 1929 Kadalie anasemphana ndi Ballinger n'kutuluka kukayambitsa Independent ICU. Koma onani kumene mawu ake anakagwiranso moto: ku East London, mu Januwale 1930, pa sitiraka ya ogwira ntchito padoko ndi panjanji. Anabwerera kwa anthu amene ankawadziwa, ndi nkhani imodzi yomveka ya malipiro, atazunguliridwa ndi atsogoleri oyankhula Chixhosa. Anamangidwa chifukwa cha sitirakayo, ndipo anakhala mumzinda womwewo mpaka imfa yake mu 1951.

Ife a m'migodi tisaiwale chinthu china. ICU ndi kukula kwake konse sinalowe kwenikweni m'makomponi. Mageti anali otseka, alonda ali maso, anthu atagonekedwa mtundu ndi mtundu, wina aliyense akuwerenga miyezi ya kontirakiti yake kuti abwerere kumudzi. Agogo athu amene anabwera pa Wenela anali omvera amene pakamwa potchuka chonchija sipanawapeze.

Lero tikaimirira pamsonkhano wa bungwe la maliro, kapena tikamafotokozera anzathu Achisuthu ndi Achishangani nkhani ya chitetezo pa shifiti, kapena tikamalemba uthenga wa pa WhatsApp wopita kumudzi, tili pamalo pomwe Kadalie anaima. Tifunse kaye: akumvawa ndani, chikuwawawa n'chiyani, ndipo amene atimasulire akanena zomwe tanenazo kapena zake? Kwa mkulu wa ku Ntcheu tiyankhule mwaulemu wa kwathu, kwa mnyamata wobadwira ku Rustenburg tisakanize ndi chinenero chake, kwa bwana tipite ndi manambala. Palibe cholakwa pamenepo. Koma tisanatseke pakamwa tidziyese: anthu atatuwa atakumana mawa n'kuuzana zimene anamva kwa ife, kodi angapeze kuti tinawalonjeza chinthu chimodzi?