Mpunga wa pa Khirisimasi unafika liti pamudzi pano?

Anzanga a pamudzi pano, ndi inu abale a m'tauni amene mwayamba kale kuimba foni kufunsa ngati nkhuku zilipo, takhalani pansi kaye. Dzulo ndikuchokera kopalira, mdzukulu wanga anandifunsa kuti, "Agogo, kodi makolo akalekale nawonso ankadya mpunga wa nkhuku pa Khirisimasi?" Ndinangoseka, koma usiku funsolo linandisowetsa tulo.

Yankho lake ndi loti akalekalewo analibe Khirisimasi. Tsikuli linabwera ndi amishoni. Kuno ku chigawo chapakati a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, kenako ku Nkhoma mu 1896, ndipo Akatolika anakhazikika ku Mua mu 1902. Mukawerenga bwino, sipanathe zaka 150. Agogo a agogo athu anabadwa, kukula mpaka kukalamba osamvapo za 25 Disembala.

Musaganize kuti analibe madyerero. Kunali chinamwali, ukwati, kulonga mfumu, kumeta maliro ndi dambule. Kupatula zadzidzidzi, zambiri mwa izi ankazidikiritsa mpaka atakolola, m'miyezi ya chilimwe, nkhokwe zili tho, kumunda kulibe ntchito yothamangitsa munthu. Phwando linkatsatira nkhokwe. Mawu amenewa muwasunge, tibwererako.

Nanga ankadya chiyani? Nsima, koma kale kwambiri inali ya mapira ndi mawere. Chimanga chimene timachiyesa chathuchi ndi mlendo, chinachokera ku America, chinafika ku Africa kuno kudzera mwa amalonda a Chipwitikizi, n'kumalanda minda pang'onopang'ono. Ndiwo zinali nyemba, khobwe, mfutso wotendera, ndipo zikakula pankagwa mbuzi. Koma chimene chinkauza mudzi wonse kuti pakhomo apa pali nkhani ndi thobwa ndi mowa wa masese. Amayi ankaviika mawere, n'kuwafunditsa mpaka amere, kuwayanika, kenako kuwasinja. Ndicho chimera chimenecho. Ankaphika phala, likazizirako n'kuthiramo chimera, kulisiya ligone, m'mawa n'kuliwiritsanso. Shuga munalibe, kutsekemera konse kunkachokera ku chimeracho. Ntchito yake inkatenga masiku, n'chifukwa chake siinali ya munthu mmodzi. Azakhali abwere ndi nkhuni, apongozi ndi ufa, atsikana kotunga madzi. Phwando lisanayambe n'komwe, anthu anali atakumana kale pamafuwa.

Nkhuku ndiye ndi yakale ndithu, koma siinkaphedwa chifukwa cha tsiku la pakalendala. Inkaphedwa chifukwa cha munthu. Kwabwera malume, kwabwera mlendo wolemekezeka, nkhuku ithamangitsidwe. Nthutumba inali ndi mwini wake, ikasowa m'mbale wophika ankayenera kufotokoza. Mpaka lero pa chinkhoswe ankhoswe amapatsana tambala ndi msoti, umboni woti mabanja awiri agwirizana.

Mpunga ndi wa kunyanja. Ku Nkhotakota ulimi wake unakula m'nthawi ya a Jumbe, amalonda a Chiswahili amene anakhazikika kumeneko cha m'ma 1840, omwe aja ankagulitsanso anthu ukapolo. Kwa ife a kumtunda unali chakudya chosowa, chochita kuchiyendera kapena kuchigula, ndiye chifukwa chake unasanduka wa tsiku lalikulu. Titalandira ufulu mu 1964, boma linatsegula masikimu a mpunga monga Likangala, Domasi, Bua, Limphasa ndi Wovwe, ena mwa iwo ndi thandizo la akatswiri a ku Taiwan. Apo m'pamene Faya ndi Kilombero anayamba kupezeka mosavuta m'misika ya kutali ndi nyanja. Anzathu Achisilamu nawo mpunga sausowa pa Idi, ndipo mbale imadumpha mpanda kufika kwa oyandikana nawo.

Tiyi wa mkaka ndi buledi wopaka majarini zinabwera ndi ndalama. Azibambo ambiri ankapita ku Joni ndi ku Halale, ena kudzera ku Wenela, ndipo pobwerera ankanyamula masutikesi a zovala ndi zizolowezi za m'tauni. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70, koma chizolowezi cha tiyi chinali chitakhazikika kale. Shuga nayenso anali atayamba kupangidwa konkuno, ku Nchalo, m'ma 1960. Panabweranso Sobo ndi Fanta. Ife tili ana tinkamwa pang'onopang'ono, botolo limodzi mpaka madzulo, kuti anzathu aone.

Tsopano tibwerere ku nkhokwe kuja. Madyerero a makolo ankachitika chakudya chilipo, ndipo ankadya zolima okha. Khirisimasi imatipeza mu Disembala, chimanga chikutha, kumunda kukufunika feteleza wobereketsa, Januwale akudikira ndi fizi. Nkhuku zake zimakhala zitangopulumuka ku chitopa cha miyezi yotentha, ngati munazipatsa katemera. Mpunga, mafuta, shuga, buledi, zakumwa, zonse n'zogula. Ndiye kuti tinatenga phwando n'kuliika pa mwezi umene thumba lili lopepuka kwambiri.

Ine ndinaphunzira movutikira. Chaka china ndinagulitsa matumba awiri a chimanga kuti ana asasirire kwa eni. Tinadya, tinavina, Nyuwere tinabwerezanso. Pofika Febuluwale ndinali kubandira m'munda mwa munthu wina kuti andipatse ufa wa m'kambale, wanga munda ukumera tchire. Mayi a kunyumba sanandinyoze, anangoti, "Bambo, mpunga uja unali wokoma, eti?" Mawu amenewo ndimawamvabe chaka chilichonse ndikamatsegula nkhokwe.

Sindikunena kuti tisiye mpunga. Ana amauyembekezera chaka chonse, ndipo nanenso ndimaukonda, ndisaname. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti pamudzi pano amene akusungabe mbewu ya mawere mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi, ndipo atsikana ambiri sadziwa kuti chimera chimathiridwa phala litafika pati. Ena amathira likali lamoto, thobwa osatsekemera, n'kumathamangira shuga. Azimayi achikulire amene akudziwa bwino ntchitoyi akutha, ndipo sitikuwafunsa.

Choncho chaka chino pakhomo panga ziyenda chonchi. Nkhuku imodzi ya chikuda iphedwa. Mpunga tigula wa tsiku limodzi basi. Pambali pake pakhala nkhwani wotendera, bowa ngati mvula ipitirira chonchi, chigumu, zitumbuwa ndi mango a pamtengo wa kuseri uja. Mawere ndawaviika kale, ndipo adzukulu onse aakazi ndawauza kuti pa 23 akhale pamafuwa ndi agogo awo, aone ndi maso. Chimanga cha m'nkhokwe sichituluka, ngakhale chitini chimodzi.

Inu a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, mukamabwera tengani shuga ndi mafuta, tilandira ndi manja awiri. Koma ngati ndalama ndi yochepa, kuli bwino muchepetse makireti a zakumwa, muwasiyire amayi anu ya feteleza. Thobwa mulipeza kuno, ndipo chipanda chanu chija chikadalipo.