TIWONERENSO BAYISIKOPO YA MAKOLO ATHU

Wailesi ya kanema idafika mochedwa kuno ku Malaŵi, m'chaka cha 1999. Koma zithunzi zoyenda zidafika kalekale. Pa nthaŵi ya Atsamunda galimoto la boma linkayendera maboma, litanyamula injini ndi chinsalu choyera. Kukada, anthu ankakhala pansi pabwalo namaonera bayisikopo.

Zithunzi zambiri zinkachokera ku bungwe la Central African Film Unit, limene lidakhazikitsidwa ku Salisbury mu 1948 kuti lipangire makanema anthu akuda a ku Nyasaland ndi maiko aŵiri a Rhodesia. Zoyambazo zinalibe mawu. Womasulira ndiye ankaimirira pambali nkumafotokoza nkhani m'chinenero cha anthu. Nthano yake kaŵirikaŵiri inali imodzi: wanzeru ndi wopusa. Mu "The Two Farmers" mlimi womvera alangizi amalemera, mnzake wamakani nasauka. Mu "Mulenga Goes to Town" mnyamata wa kumudzi amakaona zakuda m'tauni, nabwerera kwao.

Kodi phunziro lotere linkamveka bwanji kwa mlimi wa fodya wa ku Mtengowanthenga, kapena wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi? Tisaiŵale kuti m'zaka zomwezo malamulo a malimidwe anali oŵaŵa. Munthu wosaunda mizere monga boma lidalamulira ankalipitsidwa, mwina kumangidwa kumene. Usiku chinsalu chinkanyengerera, masana lamulo linkakakamiza. Chitaganya chitayamba mu 1953, bungwe lija lidasanduka mlomo wochitamanda, ndipo anthu ambiri adaleka kulikhulupirira. Chitaganya chidatha mu 1963, bungwelo lidathera pomwepo.

Tsono kodi zithunzizi nzoyenera kutayidwa kudzala? Iyayi. Zambiri zikusungidwa ku National Archives ku Harare, ndipo woziwonera lero amapeza zimene ozijambula sadalingalire. Iwo ankafuna kutiphunzitsa, koma mosadziŵa adatisungira nkhope. Oseŵera ambiri anali anthu wamba a m'midzi. Taonani mavalidwe awo, nkhokwe zawo, kagwiridwe ka khasu, kamwetulidwe ka mayi wobereka mwana. Ngakhale mlimi "wopusa" uja tiyenera kumzenganso mlandu wake. Kodi anali waulesi, kapena ankakana kulamulidwa m'munda wa makolo ake? Nawonso mawu a alangizi sanali onama onse, pakuti nthaka ya m'mapiri mwathu ikukokolokabe mpaka lero.

Mu 2008 Shemu Joyah adatulutsa "Seasons of a Life", Mmalaŵi akusimba yekha za Amalaŵi anzake. Ana athu adzamvetsa kukula kwa chinthu chimenechi pokhapokha atadziŵa kuti kale ena ndiwo ankatilankhulira.

Akuluakulu amene adakhala pabwalo paja atsala oŵerengeka. Madzulo ano, mutatha kudya nsima, afunseni agogo zimene adaona pa chinsalu, ndiponso zimene ankanong'onezana pobwerera kunyumba mu mdima. Zachiŵirizi palibe adazijambula.