Mmene Zimbale Zinasinthira Makutu Athu pa Nyimbo za Bach

M'chaka cha 1829, Felix Mendelssohn, ali ndi zaka 20 zokha, anatsogolera kwaya yaikulu ku Berlin poimba St Matthew Passion, nyimbo yofotokoza masautso a Yesu imene Johann Sebastian Bach anapeka ku Leipzig zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo. Mendelssohn anadulamo zigawo zambiri kuti anthu a m'nthawi yake asatope nayo, ndipo anthuwo anaikondadi. Kuchokera pamenepo dziko linazolowera Bach wolemera, woyenda mwaulemu ngati mwambo wa maliro a mfumu, woimbidwa ndi khamu la anthu. Bach ameneyu ndiye akumveka m'chimbale chimene Otto Klemperer anajambula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Amene anabwera kudzatsutsa chizolowezichi sanabweze mawu enieni a m'nthawi ya Bach, pakuti zimenezo n'zosatheka. Chimene anachita n'chakuti woimba aliyense anayamba kufunsidwa umboni wa kaimbidwe kake.

Kusinthaku kunayamba mokayikakayika. Wanda Landowska anajambula Goldberg Variations mu 1933 pa harpsichord, chida chimene chimakodola nsambo pomwe piyano imazimenya, koma chida chakecho chinali chatsopano, chopangidwa ndi kampani ya Pleyel, cha mafupa achitsulo amene Bach sanawaonepo. Amene anakumba mozama ndi Nikolaus Harnoncourt, yemwe anayambitsa gulu la Concentus Musicus ku Vienna mu 1953. Pojambula Brandenburg Concertos mu 1964, gululi linagwiritsa ntchito mavayolini a nsambo za matumbo a nkhosa, zitoliro zamtengo ndi malipenga opanda mabatani. Mu 1971 iye ndi Gustav Leonhardt wa ku Netherlands anayamba kujambula ma cantata onse a m'tchalitchi amene alipo, pafupifupi 200, ntchito imene inawadyera zaka pafupifupi 20, ndipo mawu apamwamba ankaimbidwa makamaka ndi anyamata aang'ono monga zinkakhalira ku Thomaskirche, tchalitchi cha Bach ku Leipzig. Phindu lake linamveka msanga. Bach ankaluka nyimbo ngati mkeka, mzere uliwonse uli ndi ulendo wakewake, ndipo oimba akachepa, zida zikapepuka, khutu limatha kutsata ulusi uliwonse. Kudumpha kwa magule a nthawiyo, kumene gulu lalikulu linkakupondereza, kunayambanso kuonekera ngakhale m'nyimbo zopatulika.

Otsutsa ali ndi mfundo zogwira mtima. Choyamba, akatswiriwo sagwirizana okhaokha. Mu 1981 Joshua Rifkin ananena kuti Bach ankaika munthu mmodzi yekha pa liwu lililonse, ndipo anajambula Misa ya B minor motero. Anzake anamutsutsa pogwiritsa ntchito kalata imene Bach analembera akuluakulu a mzinda wa Leipzig mu 1730, yopempha oimba osachepera atatu pa liwu lililonse. Rifkin anayankha kuti kalatayo ikunena za anthu oyenera kukhala m'kaundula wa kwaya, kuti wina akadwala nyimbo isaime. Chachiwiri, Richard Taruskin ananena kuti kaimbidwe kowala ndi kofulumira kameneka kakusonyeza zokonda za anthu a m'zaka za m'ma 1900 kuposa za m'nthawi ya Bach. Chachitatu, Glenn Gould anajambula Goldberg Variations mu 1955 pa piyano yamakono, ndipo mizere yonse inamveka mbee. Zonsezi n'zoona, koma taonani pamene mkanganowo ukuchitikira. Rifkin ndi omutsutsa akulimbana atagwira kalata ya Bach ndi mapepala amene oimba ake ankawerenga, chinthu chimene kale otsogolera oimba ambiri sankachilabadira. Taruskin anathetsa kudzitama kwa onena kuti apeza Bach weniweni, koma sanafafanize zimene zida zakale zinaphunzitsa zala za oimba. Gould naye akungotsimikizira kuti chofunika ndi kumveka kwa mzere uliwonse, chomwenso Leonhardt ankafuna pa harpsichord.

Umboni wakuti njirayi inazika mizu ndi mtunda umene yayenda. Mu 2000, pokumbukira zaka 250 Bach atamwalira, John Eliot Gardiner anayenda ndi oimba ake m'matchalitchi ambiri, cantata iliyonse ikuimbidwa pa tsiku la kalendala ya mpingo limene anaipekera. Ku Japan, Masaaki Suzuki anayambitsa Bach Collegium Japan mu 1990, ndipo pakati pa 1995 ndi 2013 anajambula ma cantata onse a m'tchalitchi. Zimbale za anthu awiriwa sizimveka mofanana ngakhale onse anawerenga mapepala omwewo. Wogula chimbale lero ndi bwino ayambe wafunsa kuti oimba ndi angati, zida n'zotani, ndipo anazisankha chifukwa chiyani. Mayankho ake akawapeza, adziweruzire yekha ndi khutu lake.